Mkamwini Asamakule Mwendo

Kumudzi kwa mkazi wanga, ku Mposa, ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayankhulana. Musaganize kuti tinakangana. Unali mwambo chabe, koma pakhomo pamenepo mwambowo unali udakali ndi mano. M'mabanja ena masiku ano mkamwini ndi apongozi amakhala pamkeka umodzi, mpaka kuimbirana foni, koma kumene ndinakwatira ine zimenezo kunalibe. Ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira m'tchire n'kunjuta, maso pansi, mpaka adutse. Iwonso ankatembenuzira nkhope kumbali. Ndinakhala nawo mudzi umodzi zaka zingapo, koma mukanandifunsa kuti maso awo ndi otani ndikanangokuyang'anani. Ndinkawadziwira kumsana, kayendedwe kawo kotsimphina pang'ono, ndi mpango wofiira umene sunkachoka kumutu kwawo.

Mawu athu ankadutsira mwa mwana. Mwana wathu wamkazi atangobadwa anapatsidwa ntchito imene sanaipemphe. Apongozi ankaima kuseri kwa mpanda, khandalo lili m'manja, n'kunena mokweza:

"Iwe, uwauze abambo ako kuti denga la khitchini likudontha."

Mwanayo n'kuti akuyamwa chala. Ine ndili mbali inayi ndinkayankha:

"Uwauze agogo ako kuti ndamva, mawa ndikamweta udzu."

Umu ndi mmene tinkakhalira, ndipo zinthu zinkayenda. Denga linkafoleredwa, mbuzi zinkamangidwa, mpunga unkaokeredwa nthawi yake.

Kwathu ndi kwa Nsamala, ku Balaka. Ku Mposa ndinapita chikamwini. Malo amene ndinamangapo nyumba anali a mbumba ya mkazi wanga, munda wa mpunga unali wawo, ngakhale mtengo wa mango umene ndinadzala ndekha unali panthaka yawo. Zimenezi sindinkadandaula nazo, chifukwa ndi mmene anakhalira bambo anga kwathu. Koma ndinkadziwanso mathero a mkamwini amene eni mudzi atopa naye. Amamusudzula, amanyamula bulangete ndi khasu lake, ana amatsala. Ndili mnyamata ndinaona malume anga akubwerera kumudzi ndi kachikwama pakariyala, ndipo anafa ana awo akuwaona kamodzikamodzi.

Kuthamanga ndinayamba ndili kusukulu, n'kudzasiya nditakwatira. Tsiku lina Loweruka ndinapita ku boma la Machinga kukagula sipoko za njinga, ndipo ndinaona anthu akuthamanga kukwera chitunda cha msewu wochokera ku Liwonde. Ankakwera, n'kutsika poyenda, n'kukweranso. Pambali panaima bambo wina wamfupi, wa imvi, wezulo ali pakamwa. Ndinaima n'kumaonerera mpaka kuiwala sipoko zija. Miyendo inandiyabwa ngati ndaponda chitedze.

Bambo wa wezuloyo anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Achimwene, mukuonerera chiyani? Si kanema uyu. Pindani buluku."

Ndinapinda buluku, n'kuvula patapata. Tsiku limenelo ndinasanza kuseri kwa mtengo, koma ndinabwerera kunyumba ndikuimba panjinga.

Timu yake inali yongotolana. Munali mnyamata wa kabaza amene ankati miyendo yake ili kale ndi injini, aphunzitsi awiri a kupulayimale, mayi wina wogwira ntchito kuchipatala, ndi bambo wogulitsa nsomba zouma za ku Chiuta, amene ukamuthamangira pambuyo sunkafuna ndiwo tsiku limenelo. Yunifolomu tinalibe. Nsapato zinali za pakaunjika, ena kumanja mtundu wina kumanzere mtundu wina. Kochi wathu, bambo wa wezulo uja, anali msilikali wopuma, Myao, munthu wosaphonya swala komanso wosadziwa chisoni. Ukati watopa ankangoti, "Kwende, kwende!" ngati akuthamangitsa mbuzi m'munda. Atamva kumene ndinkakhala anandipatsa dzina pompo, ndipo timu yonse inkangonditchula kuti aMkamwini.

"AMkamwini, chitunda ndi apongozi," ankatero. "Simuchiyang'ana kumaso. Weramani pang'ono, maso pansi, mapazi afupiafupi. Inuyo muyenera kukhala katswiri wa zimenezi."

Onse ankaseka, nanenso ndinkaseka. Koma zoona zake, pachitunda ndinkawasiyadi.

Timu inkakumana Loweruka lokha. Masiku ena kochi anati aliyense azithamanga kwawo. Ndinagula kabudula wabuluu pakaunjika, ndipo ndinkadzuka m'mamawa n'kutsata msewu wafumbi wodutsa m'munsi mwa phiri la Chikala, n'kubwerera dzuwa lisanatenthe kuti ndikagwire khasu. Kumudzi munthu wamkulu sathamanga popanda chifukwa. Masiku oyamba aliyense wokumana nane ankafuula, "Kwagwanji?" Mayi wina anatula ndowa pansi n'kuyamba kulira, poganiza kuti ndikukanena maliro. Atazolowera anasiya kufunsa, n'kuyamba kunena. Pamjigo nkhani inali yoti mkamwini wa pakhomo paja wayamba kuyenda ntchafu pamtunda.

Mkazi wanga poyamba ankangoseka. Tsiku lina ndikusamba m'mapazi anandigwira katumba n'kunena, "Abambo ake, mwendowu ukukula. Mwaiwala kodi? Mkamwini asamakule mwendo." Tinaseka tonse. Akuluakulu ponena mawu amenewo amatanthauza kuti mkamwini asamadzimve ngati mwini mudzi, koma wanga mwendo unkakuladi, wooneka ndi maso.

Apongozi sanaseke. "Uwauze abambo ako," anatero kuseri kwa mpanda, "kuti thukuta limene akumwetsa msewu likanagwera m'munda, bwenzi nkhokwe itadzaza."

Zinandiwawa, chifukwa munda wanga sunali wa thengo. Ndinkalima kuposa akamwini anzanga amene ankaswera pabawo. Koma kwa eni kulibe mkuwe. Ndinangoti, "Uwauze agogo ako kuti ndamva."

Tsoka linandipeza mvula ikupita kumapeto, udzu utatalika kuposa munthu. M'mawa umenewo kunali nkhungu, ndipo ndinachedwa pobwerera, ndiye ndinadulira kanjira kakang'ono ka kudambo. Ndinali pa liwiro la mtondo wadooka, mutu uli pa mawu a kochi oti pomaliza uzithira moto. Pokhota ndinangoona mtolo wa udzu ukuyenda patsogolo panga, munthu wake wabisika. Ndinafuula ngati wa kabaza, "Odi, odi kumeneko, tipatseni njira!" Sanapatuke msanga. Ndinadzipanikiza pambali, phewa langa linagunda mtolo, mtolo unagwa. Nditacheuka kuti ndipepese ndinaona mpango wofiira.

Tinayang'anana. Kanali koyamba kuona maso awo, ndipo iwo anaona zonse: kabudula wonyowa womatirira pathupi, ntchafu, chifuwa chopanda malaya. Ndinadziponya m'udzu ngati ndawomberedwa. Ndinamva akutola mtolo wawo okha, akuusenza okha, akupita. Sananene kanthu, pakuti panalibe mwana woti amuuze. Ndinakhala m'udzumo mpaka mame anandilowa m'mafupa, ndikupempha nthaka kuti ing'ambike.

Madzulo ake anandiitana atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, amene anali mwini mbumba. Anali munthu wofatsa, ndipo kufatsa kwawoko n'kumene kunkandiopsa. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pamtondo wogona.

"Bambo, mlongo wanga wabwera akunjenjemera. Akuti mkamwini wamuuza kuti apatuke m'njira. M'njira ya makolo ake."

"Sindinawazindikire, atsibweni. Udzu unawaphimba. Ndalakwa kwambiri."

"Iyayi, sindikukuweruzani lero. Ino ndi nthawi ya ntchito. Tikamaliza kupuntha mpunga mudzaitane ankhoswe anu a ku Balaka, tidzakhale pansi. Mwini nkhani ndi mlongo wanga. Akadzati mukhale, mudzakhala. Akadzati watopa, ine sindingamukakamize." Anaima kaye n'kuyang'ana miyendo yanga. "Pakali pano, mwendowo uchepe."

Kuyambira tsiku limenelo kuseri kwa mpanda kunati zii. Apongozi ankabwerabe kudzatenga mdzukulu wawo, ankamubereka, ankamuimbira, koma uthenga wa abambo ake unatha. Denga likanatha kugwa osandiuza. Sindinkadziwa kuti munthu ungalakelake kudzudzulidwa, koma ine ndinkatchera khutu m'mawa uliwonse kuti mwina ndimva "uwauze abambo ako", ngakhale atanditchula waulesi. Ndinkadya osamva kukoma. Ndikamuyang'ana mwana akuphunzira kuyenda, akugwira khoma, ndinkaganiza za malume anga ndi kachikwama kawo.

Wanzeru akanasiya kuthamanga. Ndinayesa, ndipo kwa masabata angapo ndinasiyadi. Koma ndinkangokhala ngati nkhuku yomangidwa mwendo, ndinkakalipira mbuzi, ndinkakalipira njinga. Ndinene mosabisa: m'mudzi monsemo chinthu chimene chinali changachanga inali miyendo imeneyi. Ndinachoka nayo kwa Nsamala, sinali ya mbumba ya munthu. Ndikamathamanga sindinkakhala mlendo wa aliyense.

Ndiye ndinayambiranso, koma mwaulemu. Ndinkatuluka pakhomo nditavala buluku ndi malaya ngati munthu wopita kukaona misampha. Kutali ndi mudzi, kuseri kwa chulu china chachikulu, ndinkasunga kabudula ndi nsapato m'jumbo, n'kuphimba ndi masamba. Pamenepo ndi pamene ndinkasinthira, n'kuthamangira mbali ya kuphiri kumene anthu a kwathu sankapitako kawirikawiri. Ngakhale kumeneko mtima sunkakhala pansi. Chilichonse chofiira chinkandiumitsa pakamwa. Tsiku lina ndinanjuta m'tchire kupewa nsanza yofiira imene munthu anamangirira pamtengo poopseza anyani.

Mkazi wanga ankadziwa. Ankaona fumbi la m'mapazi. Tsiku lina tikupeta mpunga anandiuza osandiyang'ana:

"Abambo ake, mukufuna mwanayu azikakuonani ku Balaka?"

"Ndiye ndisiye?"

"Ine sindinati musiye. Ndangofunsa." Anapitiriza kupeta, kenako anati, "Amayi ndikawafunsa amangoti tidzaona. Ine ndikuopa."

Nanenso ndinkaopa, ndipo anthu awiri amantha alibe chouzana.

Nyengo yozizira itafika, kochi anatiuza kuti kukubwera mpikisano wa matimu a ku Machinga ndi a ku Balaka. Unali woyambira tsidya la Balaka la mlatho wa Shire, kudutsa m'tauni ya Liwonde, kukwera chitunda chathu chija mpaka pa boma. Oyambirira kufika adzatengedwa kupita ku mpikisano waukulu wa ku Blantyre. Kochi anandikokera pambali.

"AMkamwini, pachidikha a ku Balaka akusiyani, ndi anyamata amenewo. Musawathamangire. Adikireni pachitunda, pamenepo ndi panu."

Anatilimbitsa ngati akutikonzekeretsa nkhondo. Loweruka lililonse tinkatsika mpaka kufupi ndi Liwonde n'kubwerera, iye ali panjinga pambuyo pathu ndi chigubu cha madzi othira mchere ndi shuga. Matuza anaphulika n'kumeranso ena. Chikhadabo cha chala chachikulu chinada n'kuchoka. Wa kabaza uja anasiya zonena za injini. Ine ndinkathamanga bwino kuposa kale lonse, koma mantha ndinkathamanga nawo limodzi.

Ndiye zinthu ziwirizi zinadzagundana. Mpunga unapunthidwa, matumba anasokedwa, ndipo atsibweni anatumiza mawu kuti ankhoswe abwere Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Mpikisano unali Loweruka lake, dzulo la mlandu. Ndinauza mkazi wanga kuti ndipita kwathu Lachisanu kukatenga achimwene anga aakulu, amene anali nkhoswe yanga. Zinali zoona. Mkazi wanga anandiyang'ana.

"Ndipo mudzera pamlatho," anatero.

"Msewu wake ndi womwewo."

"Ine sindinamve kanthu," anatero, n'kundipatsa mbatata yootcha ya panjira.

Kwa Nsamala ndinapeza amayi akusenda nandolo. Nkhani yonse anali ataimva kale kwa achimwene. Sanandikalipire. Anangoloza ndi mlomo kanyumba kanga ka paunyamata, kamene tsopano munkagona nkhuku, n'kunena kuti, "Tikakolopamo, munthu atha kugonamo." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukalipa. Ndinalowamo kukaona. Munali fungo la zitosi, denga likuonetsa kumwamba, ndipo ndinadziona ndili mmenemo ndekha, mwana wanga akukulira tsidya lina la Shire, akuitana munthu wina kuti ababa. Achimwene anati adzanyamuka Lamulungu m'mawa, ndipo anandichenjeza kuti pamlandu ndisadzatsegule pakamwa.

Loweruka m'mawa pamlatho panali mphepo yozizira yochokera mumtsinje. Tinali ambiri ndithu, ena ovala majezi enieni, ena opanda nsapato. Ndinkangoyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, kufufuza nkhope ya ku Mposa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti Mposa ndi kutali, ndipo anthu a kwathu Loweruka lotere amakhala ali kumisika ya kufupi. Wezulo inalira, tinanyamuka.

Anyamata a ku Balaka anauluka monga ananenera kochi. Ndinawaleka. M'tauni anthu ankatikuwiza, a minibasi akuliza mahutala, ana akutithamangira m'mbali. Nditatuluka m'tauni m'nthiti munayamba kubaya, ndinapuma mozama mpaka kunasiya. Wa nsomba ndinamusiya, aphunzitsi ndinawasiya. Msewu utayamba kukwera ndinawerama pang'ono, maso pansi, mapazi afupiafupi, ndipo anyamata aja ndinayamba kuwatola mmodzimmodzi, ali wefuwefu, manja m'chiuno. Kochi anandipeza ali panjinga, mawu atasasa.

"Kwende, aMkamwini! Atsala awiri okha kutsogoloko! Kwende!"

Kwa kanthawi ndinaiwala mlandu, ndinaiwala kanyumba ka nkhuku. Ndinamva kukoma kumene sindingathe kukufotokozera munthu amene sanathamangepo. Nyumba za pa boma zinayamba kuoneka, anthu atandandalika m'mbali mwa msewu. Ndinaphwanya lamulo la kochi, ndinadzutsa maso kuti ndione potsirizira.

Mpango wofiira unali pomwepo, kumanzere, patsogolo pa anthu onse. Kumsana kwawo kunali mwana wanga.

Sindinaganize chilichonse. Miyendo inapatuka yokha. Ndinachoka patala, ndinatsetserekera m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, n'kunjuta, manja ataphimba ntchafu, maso pansi. Ndinkangoti basi, zatha, dzulo la mlandu andipezanso ndili chomwechi, pamaso pa boma lonse. Ndinamva mapazi akudutsa pamwamba panga, mmodzi, kenako wina, kenako gulu. Anthu anayamba kusonkhana. Wina ankati wakomoka, wina ankati mwendo wamukoka, mayi wina anandithira madzi kumutu. Kochi anagwetsa njinga.

"Mwatani? Mwavulala? Dzukani! AMkamwini, mwapenga kodi?"

Ukanena bwanji pagulu kuti apongozi anga aima apo?

Kenako ndinamva kamawu kakang'ono kakuti, "Ababa." Ndinasuzumira pang'ono. Apongozi anali atatembenuka, nkhope yaloza kuphiri, msana uli kumsewu, ndipo mwana anapotoza khosi n'kumandiyang'ana. Anamusisita kumatako monga ankachitira akafuna kumutuma, n'kuyankhula mokweza, mawu amene ndinali ndisanawamve kwa miyezi:

"Iwe, uwauze abambo ako adzuke. Anthu akuwapitirira. Ine ndayang'ana kuphiri, sindikuona kanthu."

Ndinakhalabe chinjutire, osakhulupirira makutu anga. Anamusisitanso mwanayo, mwamphamvu ndithu.

"Uwauze kuti wa kwathu sathera m'ngalande."

Ndinayesa kawiri mawu asanatuluke. "Uwauze agogo ako kuti ndamva."

Ndinakwera m'ngalandemo ndi manja ndi mawondo. Miyendo inali itauma ngati nkhuni, ndipo kamtunda kotsalako kanandivuta kuposa ulendo wonse. Ndinapitirira anthu awiri kapena atatu, koma a ku Blantyre anali atadziwika kale ndisanafike. Wa kabaza anali m'gulu lawo. Kochi atamva chifukwa chake anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi. Anati pa moyo wake wonse wa usilikali sanaonepo munthu wobisalira apongozi mkati mwa nkhondo. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi, koma ine sindinaseke nawo. Nditavala buluku ndinayang'ana paliponse, mpango wofiira sunaonekenso.

Nditakatenga njinga yanga pamlatho, pobwerera ku Mposa ndinapalasa pang'onopang'ono, mawu aja ndikuwatembenuza m'mutu. Wa kwathu. Mwina ananena kuchokera pansi pa mtima. Mwinanso anangofuna kuti manyazi achoke pamsewu, mkamwini wawo asakhale choseketsa cha pa boma, nkhani yeniyeni n'kudzaitula mawa. Nanga anadzatani ku boma? Nditafika pachulu paja ndinabisa jumbo langa monga mwa masiku onse, n'kulowa m'mudzi ngati munthu wochokera kwa abale.

Mkazi wanga anati amayi ake ananyamuka m'mawa ndi mwana, akuti akukagulitsa mpunga.

"Mpunga wake sindinauone," ndinatero.

"Nanenso sindinawaone atasenza kanthu."

"Unawauza ndiwe?"

"Ine ndinati sindinamve kanthu. Munthu wosamva auza bwanji mnzake?" Anandiyang'ana, maso ali ofiira. "Abwerako madzulo ano, angonditulira mwana, osanena chilichonse. Sindikudziwa, abambo ake. Sindikudziwa."

Lamulungu m'mawa ndinatuluka kukasamba kuti tizipita ku Misa. Pachingwe choyanikira zovala, pakati pa bwalo, pakati pa matewera a mwana ndi chitenje cha mkazi wanga, panali kabudula wanga wabuluu. Anali wochapidwa, akudontha madzi. Nsapato zinali pansi pake, zotsukidwa, zitasamira mwala.

Ndinamuitana mkazi wanga monong'ona, iye anangogwira pakamwa n'kupukusa mutu. Sanali iye. Ndiye kuti pachulu paja ankapadziwa, mwina kuyambira kalekale, pakuti nkhuni ankatola mbali imeneyo. Ndinaona mlandu wonse uli pachingwe. Achimwene adzafika, atsibweni adzakhala pamtondo wawo, ndipo sipadzafunikanso mboni. Anandiuza kuti mwendo uchepe, umboni ndi uwu ukudontha pabwalo. Ndinaganiza zouchotsa msanga, koma manja anakana. Ukachotsa bwanji chinthu chimene apongozi ayanika?

Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. Mwana anali kale kumeneko, ndinamva akuseweretsa mikanda ya agogo ake.

"Iwe," anatero apongozi, "uwauze abambo ako kuti pachulu paja pali chiswe. Chikanawadyera kabudula."

Ndinagwira mtengo wa chingwe n'kutchera khutu.

"Uwauzenso kuti zovala za anthu a pakhomo pano zimagona m'nyumba. Kutchire kumagona za alendo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga mwa nthawi zonse, koma mawu sanabwere. Misozi inangotsika, ine bambo wamkulu, sopo ali m'manja. Mkazi wanga anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumpanda, ndipo anayankha ndi iyeyo:

"Uwauze agogo ako kuti abambo ako amva."

Achimwene anafika masana atavala jekete, atakonzeka kupepesa mpaka dzuwa kulowa. Atsibweni anawalandira, anawapatsa thobwa, n'kuwauza kuti mwini nkhani wati nkhani palibe. Anakambirana za mbuzi ndi za mvula ya chaka chimenecho. Potsanzika achimwene anaima pabwalo n'kuloza pachingwe.

"Nanga ichi mwayanika poyera chonchi, apongozi ako akachiona?"

Ndinawauza kuti achisiye pomwepo, sichinaume.